Lachisanu la a Zakaria

Esitere anamaliza ntchitoyo tiyi asanazizire, ndipo anaonetsetsa kuti aliyense pa loji ija ya ku Nkopola wamva zimenezo. Pulogalamu yogawira ophika, osesa ndi alonda masiku a ntchito inalembedwa kalekale ndi malemu bambo ake, a Jenkins a ku Malindi, omwe anali kalaliki pamalopo. Anailemba m'chilankhulo chakale cha pakompyuta chotchedwa Visual Basic. Mwana wawoyo, digiri ikadali ya moto, anangoiponya m'makina otembenuza mapulogalamu, iyo n'kutuluka ili m'chilankhulo chatsopano cha Python. Ndemanga zomwe bambo ake ankalemba m'mbali mwa mizere anauza makinawo kuti azichotse, ati n'zinyalala. Zoyesa kaye ngati ikuyenda bwino, ayi, zimenezo n'za anthu odzikayikira.

Sabata yotsatira ndandanda unatuluka. A Zakaria, mkulu wa ophika, amene zaka zonsezi ankapita ku mzikiti Lachisanu masana, anapeza kuti awaika pa ntchito tsiku lonselo, mpumulo n'kuwapatsa Lamulungu. Sanafunse munthu. Nthawi ya swala itakwana anavula epuloni n'kunyamuka monga mwa masiku onse. Tsoka ilo kunali msonkhano wa anthu makumi asanu, ndipo chambo chinafika patebulo alendo atayamba kale kudandaula.

A Rabson, bwana watsopano wosadziwa za pamalopo, anawaimitsa ntchito a Zakaria. Kenaka anaitana Esitere.

"Kodi kompyuta yanuyi siyinalakwitse?"

"Iyayi bwana, makina salakwitsa," anayankha msangamsanga.

Lolemba m'mawa Esitere anatsegula fayilo yakale ija mozemba. Sanavutike n'kufufuza. M'chilankhulo cha bambo ake masiku amayamba kuwerengedwa Lamulungu, choncho sikisi ndi Lachisanu. M'chatsopanochi amayambira Lolemba, pa ziro, ndiye sikisi imagwera Lamulungu. Makina anatembenuza mawu onse mwaluso, koma nambala anaisiya momwemo. Ndipo m'mbali mwa mzerewo munali zinyalala zija: "Sikisi ndi Lachisanu. A Zakaria ndi anzawo apite kukaswali. Osasintha."

Esitere anachita manyazi oti akanatha kulowa pansi. Kukonza kunangomutengera mphindi ziwiri, koma kukonzako sikunabwezere munthu pa ntchito. Kwa masiku awiri ankadutsa pakhomo la ofesi ya a Rabson atanyamula mapepala opanda ntchito, n'kumapitirira. Kukhitchini ankapereka moni akuyang'ana pansi. Pakamwa paja pankalalika za Python panali pataumiratu.

Lachitatu anakwera kabaza kupita kwa a Zakaria. Anawapeza pakhonde akunola mipeni yawo ya kuntchito, ngati kuti mawa akaphika. Anagwada chapatali.

"Bambo, ndabwera kudzapepesa. Si makina ayi. Ndine ndinalakwitsa, ndipo kwa bwana ndinanama."

A Zakaria anayesa mpeni pachala.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo, mwanangu. Pepala la ndandanda lija layenda bwino zaka khumi ndi zisanu. Lingapenge lokha sabata yomwe iwe waligwira?"

"Nanga bwanji simunawauze abwana?"

"Kompyuta isanabwere, Lachisanu lililonse a Jenkins ankasiya ofesi n'kudzandiyang'anira mphika kuti ine ndikaswali. Munthu wa tchalitchi ameneyo. Anapsereza mpunga kangapo, wallahi, koma sanajombepo." Anaika mpeni pansi. "Ndiye ine ndikaneneze mwana wawo?"

Esitere analira osabisa nkhope, misozi n'kumagwera pa siketi. Akanakonda akanamukalipira.

"Basi, pukuta m'maso," anatero a Zakaria. "Mawa tipitira limodzi kwa abwanawo. Ine ndikangokhala chete pampando. Wolankhula ukakhala iwe."