Nsapato za Azakhali

Zimene anandichita a bungwe lija zikundiwawabe. Anabwera kusukulu kwathu kumapiri kuno, kumene galimoto timaiona mwa apo ndi apo, n'kunena kuti atenga atsikana asanu osaukitsitsa kukawaphunzitsa kusekondale yogonera komweko. Mayeso ndinakhoza kuposa aliyense, kafunseni. Koma popanda bungwelo, sukulu yanga inali yothera pomwepo.

Tsiku lodzatifunsa mafunso, amayi anandikhula ndi mwala mpaka khungu kuwawa. Anati alendo salandiridwa ndi litsiro, ndisawachititse manyazi. Diresi anakabwereka kwa mkazi wa telala, nsapato kwa azakhali. Zinali zazikulu, moti tinatsendera mapepala kutsogolo.

Nditalowa mu ofesi, mayi wa bungweyo, wamagalasi, anayambira kundiyang'ana kumapazi. Anafunsa ngati tili ndi wailesi, ngati timagona pamatiresi. Ine ayi, ayi, koma iye maso ali pansapato basi, uku akulemba.

Ndiye tamverani izi. Mwana wa mwini golosale, amene bambo ake ali ndi njinga yamoto, anakavula nsapato kuseri kwa chimbudzi n'kudzipaka fumbi m'miyendo. Ndinamuona ndi maso angawa. Anamujambula zithunzi zitatu, nkhope atakwinya ngati wagona ndi njala. Pamndandanda wa osankhidwa dzina lake lilipo. Langa palibe.

Amayi anathamangira kwa aphunzitsi aakulu, ine pambuyo. Aphunzitsiwo anaimbira foni a bungwe tili pomwepo. Mayi uja anati iwo amayendera zimene aona ndi maso, komanso mayina anatumiza kale kwa opereka thandizo.

Amayi anatsomphola foniyo. "Ndiye mumafuna ndimubweretse ali mbulanda?"

Mayi uja anali atadula kale.

Pobwerera tinayenda mpaka pamlatho. Kenako amayi anati, "Wolakwa ndine, mwanangu." Apa ndiye mtima wanga unapsa zenizeni. Munthu kusambitsa mwana wake, walakwanji?

Lolemba asanu aja anakwera galimoto ya bungwe, wa golosaleyo mpando wakuwindo, kundibayibitsa ngati ndine mnzake.

Aphunzitsi aakulu akuti ndibwereze kalasi, bungwelo lidzabweranso chaka chamawa. Anatsitsa mawu n'kuwonjezera kuti ulendo umenewo ndidzabwere mmene ndimakhalira kumunda, ndipo pojambulidwa ndisadzaseke.

Ndawauza kuti kubwereza ndibwereza, mayeso ndidzakhozanso. Koma kusamba ndidzasamba.