Masiku Makumi Anayi pa Gombe la Amaramba

Ndinaphunzira kusambira ndili ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi, mano ena atagweluka kale. Wondiphunzitsa anali mayi wowamba nsomba, ndipo chida chathu chinali chigubu cha mafuta ophikira chopanda kanthu. Mukafuna kuseka sekani, ana a pagombe la Amaramba anaseka kale mpaka kutopa.

Kwathu ndi ku Ngauma, kumapiri, kumene timalima fodya ndi chimanga. Mukakafunsa za ine Luciya kumeneko, akakuuzani kuti ndi mayi uja saopa kanthu. Njoka ikalowa m'chigafa cha fodya ndinkapha ndekha, amuna ataima patali akulozerana. Ogula fodya akanyoza fodya wanga, ndinkawalalatira mpaka kusintha mawu. Mbiri imeneyi ndinkaikonda kwambiri, kuposa mmene ndinkadziwira.

Koma madzi ndinkawaopa, ndipo sikunali kuopa kwamasewera. Nthawi ya nkhondo, tikuthawira ku Malawi, mtsinje wodzaza unandikokolola ndili mtsikana, munthu wina n'kundivuula pondigwira tsitsi. Kuyambira tsiku limenelo, madzi akangofika m'mawondo thupi lonse linkauma. Malemu amuna anga, a Filipo, anamwalira osadziwa zimenezi. Ku Ngauma n'kosavuta kubisa, chifukwa timasamba madzi a m'ndowa ndipo timitsinje tathu timatiwoloka podumpha pamiyala.

Ndiye mwana wanga mmodzi yekha wamkazi, Tamanda, anakapeza mwamuna kumsika wa ku Mandimba. Dzina lake Hamisse, msodzi, Msilamu, wa kutsidya kwa nyanja ya Amaramba. Mwambo wathu umati mwamuna abwere adzamange pamudzi pa mkazi, koma msodzi angavuule chiyani m'mizere ya fodya? Anapempha chitengwa, abale anavomera, Tamanda n'kuwoloka. Patapita miyezi ingapo uthenga unafika woti amayi abwere adzaone pakhomo, tidzawachingamira ndi bwato.

Nditangomva za bwato, ndinakumbukira mtsinje uja. Anthu anali pompo akudikira yankho langa, ndipo ine ndinati:

"Sindingaponde pakhomo pa munthu amene wandichotsera mwana kutchalitchi n'kumuveka mpango kumutu."

Linali bodza. Hamisse ndinalibe naye chifukwa, anali mnyamata waulemu wonjuta polankhula ndi akulu. Koma bodzalo linandikhala bwino. Amayi anzanga a kutchalitchi anandiyamikira kuti ndalimba pa chikhulupiriro, ine n'kumavomera ndi mutu. Ndikanatha kuzungulira pa msewu wa ku Cuamba, ulendo wa masiku awiri pa shapa, minibasi ya kwathu kuno, ndi panjinga, koma anthu akanafunsa kuti mukuzunguliranji pamene pabwato ndi ola limodzi. Ndiye ndinangokakamira mawu anga aja.

Tamanda anabwera kudzandiona katatu. Ulendo wachitatu anabwera ndi khanda, Zaituni, ndipo mpango anauvulira ku Mandimba kuti ndisakhumudwe. Ndinauona utapindidwa pansi pa matewera m'chikwama. Potsazika anati:

"Amayi, ine ndabwera katatu. Tsopano mubwere inu, kamodzi kokha. Mukapanda kubwera ndidziwa kuti munanditaya."

"Mawu anga ukuwadziwa kale," ndinatero.

Mwanayo anatengera ine kuuma mutu. Zaka zisanu ndi chimodzi zinadutsa, iye osabwera, ine osapita. Patelefoni tinkalankhula za mvula ndi za chifuwa cha mwana, mphindi ziwiri, basi. Nthawi zambiri ndinkafuna kumuuza zoona, koma ndinkati ndidzamuuza chaka cha mawa tikakolola.

Chaka chatha, nthawi yokolola chimanga, telefoni inalira m'mawa ndili m'chigafa. Anali Hamisse. Anati Tamanda watisiya mbandakucha, atadwala sabata imodzi yokha. Asilamu sagoneka maliro, koma iye anapempha kuti andidikire mpaka dzuwa litapendeka. Anati ndifulumire, azakhali ake, dzina lawo Salima, andidikira pagombe la tsidya lino.

Ndinakwera shapa mpaka ku Mandimba, kenako njinga yamoto mpaka kunyanja. Apa ndinene bwinobwino, chifukwa ku Ngauma amadziwa kuti ndinachedwa: sindinachedwe. Dzuwa linali pamutu. Bwato linalipo, wopalasa analipo, ndipo Salima, mayi wamfupi wonenepa wonunkhira utsi wa nsomba, anandigwira dzanja. Ndinaponda m'madzi. Atangofika m'akakolo, miyendo inakana. Ndinaona bwatolo likugwedezeka, madzi akuda pakati pa bango, ndipo ndinagwada m'matope n'kugwira udzu ndi manja awiri.

"Asewere, tiyeni, nthawi ikutha," anatero Salima.

"Sindingathe."

"Ngakhale lero? Mwana wanu wagona uko, inu mukadali pa nkhani ya mpango?"

"Si mpango!" ndinakuwa. "Ndi madzi. Ine ndimaopa madzi."

Salima anauza wopalasa kuti apite yekha akanene kuti asadikirenso. Anandidzutsa, kundipukuta matope ndi kapulana yake, chitenje chimene anavala, n'kupita nane kunyumba kwake. Mwana wanga anaikidwa m'manda ine nditagona pamkeka wa munthu amene ndinamudziwa tsiku lomwelo, ndipo iyenso maliro anawaphonya chifukwa cha ine.

M'mawa mwake Salima sanandinyengerere. Anakhala pafupi nane akutumbula nsomba, n'kunena kuti:

"Pakatha masiku makumi anayi kuli arubaini, sadaka ya malemu. Abale onse adzasonkhana. Mukalepheranso pamenepo musadzavutike, mdzukulu wanu adzakula akudziwa kuti agogo ake anakana ndi maliro omwe."

"Bwato sindikwera ndisanadziwe kusambira," ndinatero.

"Asodzi ambiri pano sadziwa kusambira, koma amakwera tsiku ndi tsiku."

"Amenewo ndi iwowo."

Anapukusa mutu. "Ndiye ukulu muuvule muusiye pamtunda, asewere. M'madzi mulibe agogo."

Ndinatumiza mawu ku Ngauma kuti ndinachedwa pa maliro, ndikhala kaye kuno ndi abale, fodya amange okha. Linali bodza linanso, koma pakamwa panali patazolowera.

Tinkapita m'mawa uliwonse pamalo ochapira amayi, pamene pansi pali mchenga wolimba. Sabata yoyamba ntchito yanga inali kungokhala pansi m'madzi ofika m'chiuno, kapulana nditaimanga ngati thewera. Ndinkanjenjemera mano n'kumagundana, osati ndi kuzizira. Salima ankati ndimize nkhope n'kuuzira ngati ndikukoleza moto. Ine m'malo mouzira ndinkamwa, n'kudzuka ndikutsokomola, mamina ali chuu, amayi ochapa atatembenukira kumbali kubisa kuseka.

"Kodi njoka munkapha ku Ngauma zija, sizinali zakufa kale?" anafunsa Salima.

Ndinamutukwana m'Chichewa, iye anandibwezera m'Chiyao, tinapitiriza.

Sabata yachiwiri anabwera ndi chigubu chija, chachikasu, atachitseka bwino ndi pulasitiki pachivindikiro. Ndinkachikumbatira pachifuwa n'kumamenya miyendo, iye akundikoka. Ana a pagombe anandipatsa dzina loti Agogo a Chigubu, ndipo ankanditsatira kumsika akutsanzira mmene ndinkaphiriphithira. Kale mwana wotero ndikanamuthamangitsa mpaka kwa amake. Tsopano ndinkangodutsa. Manyazi amene ndinawathawa zaka zonsezo anandipeza onse pamodzi, ndipo sanandiphe. Zimenezi zinandikwiyitsa kuposa kusekako.

Chovuta chinali kugona chagada popanda chigubu. Salima ankaika dzanja kumsana kwanga, ine n'kuuma ngati mtengo, miyendo n'kumira.

"Musalimbane nawo," ankatero. "Mukauma akumizani. Lekani khosi, tayani manja, yang'anani kumwamba."

"Ndikaleka ndimira."

"Mwaumapo masiku khumi, mwayandama? Yesani zanga."

Tsiku la makumi awiri ndi chisanu ndi chimodzi ndinatopa. Sikuti ndinalimba mtima ayi, mphamvu zolimbanira ndi zimene zinatha. Ndinasiya khosi, madzi analowa m'makutu, phokoso lonse la pagombe linazima, ndipo thupi langa lolemerali linakhala pamwamba. Ndinatambasula dzanja limodzi, kenako linzake, n'kusuntha ndekha kuchoka pamwala wochapira mpaka pamene panayambira bango. Amayi aja analulutira. Ine ndinaimirira m'madzi ofika pachifuwa n'kuyamba kulira mokweza, kulira kumene sindinalire tsiku la maliro.

Masiku makumi awiri ndi asanu ndi limodzi okha, ndi chigubu cha mafuta. Chinthu chimene chinandidyera zaka zisanu ndi chimodzi za mwana wanga chinali chaching'ono chomwecho. Ndikanangouza munthu mmodzi, ndikanaphunzira ndili ndi mano onse, Tamanda akundiseka pamtunda. Amati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma ine mbewayo ndili moyo, anafa ndi wina.

Tsiku la arubaini tinanyamuka dzuwa litangotuluka. Ndinakhala pakati pa bwato, chigubu pamiyendo, Salima kumbuyo kwanga. Mantha analipo, sindinama, koma anali mantha oti munthu n'kukhala nawo pansi. Tinadutsa m'bango, kutulukira poyera, kulowanso m'bango. Ndikuyembekeza kuti zoopsa ziyambe, bwato linagunda mchenga, wopalasa n'kunena kuti tafika.

Pakhomo panali anthu ambiri. Nditalowa, nkhani zinaduka, amayi n'kumakodolana. Sindikuwaimba mlandu, amandidziwa ngati mayi amene anakana maliro a mwana wake. Nyumba ya Tamanda inali yozira bwino, kuseri kuli kadimba ka mpiru ndi tomato kopangidwa mizere ngati ya kwathu. Kamtsikana kena kowonda, ka chipumi cha Tamanda, kanandiyang'ana kali kuseri kwa nkhokwe, n'kufunsa m'Chiyao kuti mlendoyu ndani. Anali Zaituni. Atamuuza kuti ndi agogo, anabwera kudzandipatsa moni mwaulemu, monga amachitira kwa mlendo aliyense, n'kubwerera kwa anzake.

Ashehe atatha mapemphero, anthu atadya, ndinapempha kulankhula ndi Hamisse. Mkamwini ndi mpongozi sakhala moyandikana, choncho iye ananjuta patsinde pa mango, ine ndinakhala pamkeka chapatali, Salima pakati pathu. Anali atawonda, maso atalowa. Ndinalankhula ndikuyang'ana pansi.

"Bambo a Zaituni, ndabwera kudzanena zoona. Inu sindinadane nanu, ngakhale chipembedzo chanu, ngakhale mpango. Ndinkaopa bwato. Ndinkaopa madzi kuyambira ndili mtsikana, ndipo ndinachita manyazi kunena. Ndinakunamizirani zaka zonsezi. Mundikhululukire."

Hamisse anatola kamtengo, kukathyola, kukathyolanso.

"Madzi?" anafunsa. "Madzi okha, amayi?"

"Madzi okha."

"Mukananena, bwenzi nditabwera ndekha kudzakutengani, tikanazungulira pamsewu. Ndani akanakusekani?" Anataya timitengo tija pansi. "Mayi a Zaituni anapita akudziwa zina."

"Bwanji simunandiuze kuti akudwala?" ndinafunsa. Funso limeneli linandivutitsa masiku onse makumi anayi. "Sabata yathunthu, telefoni muli nayo."

"Ndinafuna," anatero Hamisse. "Tsiku lachitatu, thupi litatentha kwambiri, ndinatenga telefoni kuti ndikuimbireni. Anandigwira dzanja. Anati, musawaitane amayi. Ndikapanda kuwaitana ndiziti sakudziwa. Koma ndikawaitana n'kukana, ndifa kawiri."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndikanabwera, kuti mayi sangakane mwana wake akudwala. Mawuwo anali okonzeka, ndipo Hamisse akanawakhulupirira. Koma Salima anali atatembenuka akundiyang'ana, ndipo iye ankadziwa pamene miyendo yanga inathera tsiku lija.

"Tamanda ananena zoona," ndinatero. "Sindikanabwera."