Chitini cha Ufa cha Alamu Anga

Alamu anga, akulu awo a mwamuna wanga, amaphunzitsa anthu kunyamula zitsulo. Mikono ili ngati ntchafu, koma m'mutu muli mphepo yokhayokha. Tsoka lathu linayamba tsiku limene anatiperekeza kuchipatala ndi mwana wathu wamkazi, yemwe anabadwa ndi matenda a magazi otchedwa sikoselo.

Dokotala anafotokoza kuti magazi a mwanayu akamawonongeka, m'thupi mumachepa ajinini, kanthu kena kochokera m'mapuloteni, ndipo mitsempha ya m'mapapo imapanikizika. Anatichenjezanso kuti akangoyamba kutsokomola, kutentha thupi kapena kumva kupweteka pachifuwa, tithamange naye osazengereza. Pa zonsezi alamu anatolapo liwu limodzi lokha, ajinini. Mawa lake anatulukira ndi chitini cha ufa umene anyamata awo amamwa kuti atupe mikono.

"Zimene amanena adokotala zija ndi izi," anatero. "Masupuni awiri m'mawa, nkhani yatha."

Ndinachikankhira pamwamba pa kabati, koma mwamuna wanga anachitsitsa.

Mwana wathu ankaimba lipenga m'bandi ya kusukulu, ndipo ndi chokhacho chimene matendawa anali asanamulande. Loweruka lina nditaweruka ku saluni masana, ndinamupeza pasofa atagwira nthiti, thupi lili moto, akupumira m'mwamba. Anali atayamba kudwala m'mawa. Abambo awiri a ndevu zawo, mwamuna wanga ndi alamu, anali kukhitchini, akutakasa ufa m'kapu.

"Mlamu, musatekeseke," anatero alamu. "Kutenthako ndiye kuti ufa wayamba kugwira ntchito."

Ndinayang'ana mwamuna wanga. Kuntchito amakalipira anthu, koma pamaso pa akulu ake amasanduka nkhuku yonyowa.

"Achimwene thupi amalidziwa," anatero, maso ali pansi.

Ndinamupisa m'thumba, kutenga makiyi a galimoto, n'kubereka mwana wanga wamkulu kale ngati khanda.

Kuchipatala anamuika pa mpweya ndi kumuwonjezera magazi. Moyo unatsala, koma dokotala anati tinachedwa, mapapo avulala, ndipo za lipenga aiwale. Mwanayo anamva zonse. Sanalire, ndinalira ndine.

Patapita masiku, awiri aja anabwera kudzazonda. Alamu anaima kumiyendo kwa bedi atapinda mikono kuti anamwino aione bwino.

"Vuto ndi loti simunamalizitse chitini," anatero.

Mwamuna wanga anagwedeza mutu kuvomereza. Ndinamuyang'ana munthu amene ndinakwatiwa naye uja.

Mwana anatsitsa chopumira chake pang'onopang'ono. Mawu ankatuluka amodziamodzi.

"Adadi, lipenga lija lili pansi pa bedi langa. Mukalibweze kusukulu." Anapuma kaye. "Koma muyambe mwafunsa abambo aakulu ngati akulola."

Anabwezeretsa chopumiracho n'kutembenukira kukhoma.