Kamvuluvulu Sathyola Chitseko

Maxwell Kachingwe anali ndi matenda amene ambirife tinabadwa nawo, matenda ovomera. Mukamufunsa ngati shuga wakwana mu tiyi, amati wakwana, chonsecho tiyiyo akuwawa ngati mankhwala a malungo. Ndiye pamene anthu a situdiyo ina ya ku Leeds, ku Mangalande, ankamuimbira foni miyezi isanu ndi itatu yathunthu, kumufunsa ichi ndi icho, yankho lake silinkasintha: zili bwino.

Situdiyoyo inkapanga filimu kuchokera m'buku lake la zithunzi. Maxwell ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Middlesbrough, ndipo bukulo ankalijambula pa nthawi yopuma, atamaliza kusambitsa agogo ena asanapite kukadyetsa ena. Ngwazi ya m'bukumo inali Kamvuluvulu, chimunthu chouluka ndi mphepo, cha mphamvu zozula mlatho. Analiika pa intaneti osayembekezera kanthu. Litatchuka, panatulukira mayi wina wotsogolera mafilimu, dzina lake Shirley, amene anati akufuna Kamvuluvulu aoneke pa kanema.

Anthu a mafilimu satenga buku n'kulisiya mmene lilili. Adani atatu anawaphatikiza kukhala mmodzi. Chovala chobiriwira anachisandutsa chakuda, ati chobiriwira chimasokoneza makompyuta. Mitu isanu ndi umodzi ya bukulo anaifinya mpaka inakwana mphindi khumi. Zonsezi Maxwell sizinamupweteke, ndipo ankathokoza kuti alipo anthu otaya nthawi yawo pa zojambula zake.

Chimene ankasamala chinali munthu wa m'kati mwa chovalacho, poti Kamvuluvulu anali bambo ake. A Dunstan Kachingwe anali kalipentala wa zitseko ku Zingwangwa, munthu wamtali, woti ankasenza yekha chitseko cha mlombwa n'kukwera nacho chitunda osapumira. Koma chitseko chimene akhoma okha m'mawa, madzulo sankalowapo osaodira. Ngakhale pakhomo pawo pomwe ankaima panja, kunena kuti "Odi," n'kudikira mpaka wina ayankhe. Anamwalira Maxwell ali kale ku Mangalande, ndipo maliro anangowaonera pa foni. Bukulo analiyamba sabata yotsatira. N'chifukwa chake Kamvuluvulu akafika pa chitseko chilichonse, ngakhale cha mdani, pamwamba pa mutu wake pankalembedwa mawu amodzi akuluakulu: ODI!

Tsiku lina Shirley anamuitana kuti adzaone ntchito yojambula. Maxwell anakwera sitima m'mawa pamodzi ndi mkazi wake Edwina, namwino wa pachipatala, mayi wosadziwa kubisa mawu. Situdiyoyo inali chinyumba chonga mosungira katundu, chodzaza nthambo ndi magetsi. Pakati pake anamangapo khoma limodzi lokhala ndi chitseko. Antchito ambiri anavala malaya olembedwa kuti ODI, pansi pake atajambulapo chibakera. Chibakeracho Maxwell chinamudabwitsa, koma anangomwetulira.

Anawapatsa mipando kuseri kwa chitseko chija, cha pambali pomwe kamera siinkaona. Amene ankasewera Kamvuluvulu anali Ken, bambo wa ku Bradford, wa mapewa odzaza khomo. Shirley atapereka chizindikiro, Ken anabwera chothamanga, n'kubangula kuti "Ooodiii!" ngati mkango wolasidwa. Anachimenya theche chitsekocho, matabwa n'kuuluka mbali zonse.

Anthu onse anaomba m'manja. Maxwell yekha sanaombe.

Shirley anabwera nkhope ili ngwee. "Imeneyo ndiye mfuu yake ya nkhondo," anatero m'Chingerezi. "Tikufuna aifuule kasanu m'filimu yonse. Mwaiona bwanji?"

Apa ndi pamene Maxwell anaona pomwe panalakwika, ndipo wolakwa anali iye. M'buku lake, chithunzi chimodzi chinkaonetsa Kamvuluvulu panja akuti odi, chotsatira ali kale m'kati. Kudikira kuja sanakujambule. Akanakujambuliranji? Ndani sadziwa kuti pakati pa odi ndi kulowa pali kudikira? Anthuwa anaona mpata pakati pa zithunzi ziwirizo, n'kuikapo theche. Anakumbukiranso kuti tsiku lina pa foni anamufunsa ngati amenewa ndi mawu amene ngwaziyo imanena isanalowe, iye n'kuvomera.

Koma anthu anamulandira bwino chotere, kumugulira tikiti, kumupatsa mpando wolembedwa dzina lake. Ayambe bwanji kuwadzudzula pakhomo pawo? Pakamwa panayamba pokha. "Zili bwi..."

Edwina anamuponda phazi, ndipo sanamuponde mwachifundo.

"Bambo a Tadala," anatero motsitsa mawu, "mukangoti fine apa, ine train ndikwera ndekha. Mwaona zimene awachita apongozi anga? Munthu wosema zitseko moyo wake wonse, lero azithyola zitseko ngati mbava? Dziko lonse liziwadziwa choncho?"

"Koma mayi, anthuwa awononga zambiri. Taonani ma T-shirt."

"Ma T-shirt amachapidwa n'kutha. Filimu siitha. Yankhulani."

Maxwell anayamba ndi kupepesa katatu, monga mwa chikhalidwe chake, kenako n'kufotokoza. Anati odi si mawu a nkhondo. Ndi mawu a munthu amene wafika pakhomo, akupempha kuti amulole kulowa. Anakamba za bambo ake, za zitseko za mlombwa, za kuima panja mvula ikugwa mpaka mwana wa zaka zinayi anene kuti lowani.

Maxwell anaganiza kuti basi, filimu yathera pompa.

"Ndiye kuti munthu woti angathe kugwetsa nyumba yonse amaima panja n'kupempha?" anafunsa Shirley. "Nanga mdani akapanda kuyankha?"

"Amaodiranso kachiwiri."

"Akapandabe?"

"Amayankha, mayi. Kwathu munthu akaodira, ngakhale amene simumwerana naye madzi, pakamwa pamayankha pokha mutu usanaganize."

Shirley anaseka, kenako kuseka kunatha. Anayang'ana matabwa amene anali mbwee pansi. "Ngwazi iliyonse ya m'mafilimu imathyola zitseko," anatero. "Miyezi yonseyi ndakhala ndikuvutika kufuna chosiyanitsa wathuyu ndi enawo, inu mutachikhalira. Bwanji simunanene?"

Edwina yankho anali nalo, koma anamuchitira chifundo mwamuna wake.

Shirley anaimitsa ntchito kwa ola lathunthu. Anthu ena anang'ung'udza, makamaka amene anakonza zitseko khumi zoti zithyoledwe, koma mayiyo sanabwerere m'mbuyo. Anakhala pansi ndi mapepala ake n'kuyamba kufufuta. Maxwell anamuyang'ana ndipo anamva kuthokoza kumene sanakumvepo chibwerere m'dziko lino. Mayiyu sanawadziwe a Dunstan, ku Zingwangwa sanapondeko, komabe anali kugwetsa ntchito ya sabata zingapo kuti kalipentala wakufa asanamiziridwe.

Ken anabwera atavula chigoba cha kumaso. "Ndiphunzitseni mmene bambo anu ankanenera," anatero.

Maxwell anamuonetsa. Mawuwo sachokera pachifuwa, ndipo sakuwa. Munthu amafika pa chitseko, n'kubwerera m'mbuyo phazi limodzi kuti wotsegula asadzidzimuke. Mapewa amawatsitsa, manja n'kuwagwirizanitsa kutsogolo. Ken anayesa kasanu. Kachitatu Edwina anati akumveka ngati wogulitsa makala, onse n'kuseka. Kachisanu palibe anaseka.

Anakhoma chitseko china. Shirley anafotokoza dongosolo: Kamvuluvulu aodire, m'kati mukhale zii kwa kanthawi, kuti oonera amve kulemera kwa kudikirako, kenako mdani ayankhe. Anapempha kuti aliyense akhale chete. Maxwell ndi Edwina anabwerera pa mipando yawo kuseri kuja.

Magetsi anayaka. Kunamveka mapazi olemera akuyandikira, osathamanga. Anaima. Pansi pa chitseko panaoneka mthunzi, ndipo mthunziwo unabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Odi."

"Lowani, bambo."

Mawuwo anatuluka Maxwell asanadziwe kuti watsegula pakamwa. Wojambula mawu anadzutsa mutu. Amene ankasewera mdani anatembenuka modabwa. Maxwell anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, manyazi atamugwira, misozi ikutsika yosapempha chilolezo. Zaka ziwiri zonsezi sankadziwa kuti akudikira kuyankha.

Shirley anakweza dzanja kuti pasapezeke woimitsa kamera. Ken Chichewa sankachidziwa, koma anamva kuti wayankhidwa. Anagwira chogwirira, n'kukankha chitsekocho pang'onopang'ono, ndipo anawerama mutu polowa chifukwa khomolo linamuchepera.

Maxwell anaimirira n'kumusiyira mpando.