Tsiku limene Dumisani anatsutsa apongozi ake

"Dumisani, mpandowo ukupita nawo kuti?" anafunsa aphunzitsi a Ephraim. "Ndati mukhale mozungulira, muziyang'anana. Iwe ukulowera kukhoma ngati ukuusa mvula."

Kalasi yonse inaseka. Dumisani anakokera mpandowo pang'ono, pang'ono penipeni, n'kukhala chammbali, maso ali pa nsapato zake. Unali mwezi wa Juni, mphepo yozizira ya ku Kawale ikulowera pa zenera losweka, koma iye thukuta linali kamukamu.

Sukuluyi inali ya masana, ija amaphunzirako ana amene anasowa malo m'mawa pamodzi ndi akuluakulu amene sukulu anaisiyira panjira. Chaka chimenecho ahedi anaika lamulo lakuti munthu asakwere Fomu 4 asanakhoze mayeso okambirana m'Chingerezi. Ophunzira amakhala anayi pagulu, n'kupatsidwa mutu wokhudza moyo wa pasukulu kuti atsutsane, woyesa wochokera ku sukulu ina ali pambali kulemba malikisi. Wokhala chete amagwa. Wongovomereza zilizonse amagwanso.

Dumisani anali wowotcherera zitsulo ku Mchesi, bambo wa mwana mmodzi. Fomu 3 anali akuibwereza, ndipo abwana ake anali atamuuza mosapita m'mbali kuti akakhalanso kalasi yomweyo, masana opitira kusukulu amene amamupatsa aja awatenga. Kugwa mayesowa kunali kutsanzikana ndi sukulu mpaka kalekale. Chingerezi sichinali vuto, pakuti m'kalasimo panalibe womuposa. Vuto linakhala moyang'anizana naye, litavala chitenje chobiriwira.

Anali Mayi Emily, ogulitsa kaunjika mu msika wa Chilinde, amene anabwerera kusukulu imvi zitayamba. Anali mayi ake a Patience, mkazi wa Dumisani. Chaka chonse awiriwa anakhala bwinobwino m'kalasi imodzi, wina kutsogolo pafupi ndi bolodi, wina kumbuyo kwenikweni. Koma magulu anachita kutola timapepala m'chipewa, ndipo chipewa sichidziwa chipongozi.

"Mutu wathu ndi uwu," anatero aphunzitsi. "Kodi yunifolomu ithe m'sukulu? Saida, yamba."

Saida, kamtsikana kolongolola ka ku Biwi, anayamba bwino. Pemphani, mnyamata wachinayi pagululo, anamutsutsa. Itafika nthawi ya Mayi Emily, iwo anakokera mpango kumaso mbali imene kunali Dumisani, n'kuuza zenera kuti yunifolomu isathe chifukwa imabisa umphawi.

"Eya, Dumisani, atsutse amayiwa."

"I agree with Mother," anatero Dumisani motsitsa mawu.

"Ndati uwatsutse!"

"Amayi anena zoona, sala."

"Amayi, tembenuzani mfundo. Nenani kuti yunifolomu ithe."

Mayi Emily anauzanso zenera kuti yunifolomu ithe chifukwa ndi yodula.

"I also agree," anatero Dumisani.

Pemphani anagwa pansi ndi phwete. Aphunzitsi anaponya choko patebulo. "Kodi anthu inu mwapangana? Dumisani, iwe umanditsutsa ine ndemwe tsiku ndi tsiku. Lero lilime walisiya ku Mchesi?"

"Sala, simukudziwa?" anatero Saida. "Amenewa ndi apongozi awo."

Aphunzitsi anayang'ana uku, n'kuyang'ana uko. Anafuna kuseka, koma ataona nkhope ya Dumisani anadziletsa. Belu litalira anamuitanira panja, pansi pa mtengo wa mango.

"Sala, ndisintheni gulu," anachonderera Dumisani. "Ine kwathu ndi ku Dedza. Apongozi ukawaona akubwera umapatuka, mukalankhulana mumakhala patalipatali, maso kumbali. Chikwatirire sindinawayang'anepo kumaso. Ndiye lero ndiwadule mawu, ndiwauze kuti akunama? Pagulu?"

"Palibe akuti uwauze kuti akunama. Ungoti, 'Ndikuona mosiyana nanu.'"

"Ndi chimodzimodzi, sala. Mwangochiveka jekete."

"Magulu ahedi anawasindikiza kale, ndipo analumbira kuti sasintha ngakhale limodzi, poti aliyense akufuna kukhala ndi mnzake. Ndipita ndikayese, koma usayembekezere zambiri. Walira mvula walira matope, mphwanga. Sukulu unaifuna wekha."

Anapitadi, ndipo ahedi anakana.

Masiku otsatirawo aphunzitsi a Ephraim anayesa nzeru zawo zonse. Analemba pa bolodi mawu olowera nawo m'nkhani mwaulemu, mawu otsutsira, mawu opemphera mnzako kuti afotokozenso. Anawaphunzitsa kuti woyesa amayang'ananso maso, ngati munthu akuyang'ana amene akulankhula naye. Dumisani analoweza zonse. Ku ntchito amatsutsa mageti ndi mafelemu a mazenera m'Chingerezi chosalala mpaka anzake kumufunsa ngati wayamba kusuta. Koma akangokhala pa bwalo lija, chitenje chobiriwira chili patsogolo pake, amangovomereza zonse.

Aphunzitsi anayesa kuwakhazika chofulatirana. Zinathekako pang'ono, koma pa mayeso sakhala motero. Anayesa kuuza Dumisani kuti aziyang'ana khoma la kuseri kwa mutu wa amayiwo. Iye anayang'ana khomalo n'kulivomereza.

Tsiku lina atafika kunyumba anaponya chikwama pampando. "Amake Chisangalalo, ine basi. Sukulu yandikanika."

Patience anali akuchapa matewera pakhonde, mwana ali kumbuyo. "Yakukanikani ndi sukulu kapena amayi?"

"Usaseke, nkhaniyi ndi yaikulu."

"Sindikuseka. Amayi aja si mkango. Ine ndakhala ndikuwatsutsa chibadwire, ndili moyo."

"Iwe ndi mwana wawo. Ine ndikatero mawa mbiri ili ponseponse ku Chilinde, ati mkamwini wa amake Patience ndi wamwano, anawakalipira m'Chizungu."

Patience anaona kuti mwamuna wake akuvutikadi, ndipo zinamukhudza. M'mawa mwake anakwera minibasi kukawapeza mayi ake pa benchi yawo ya kaunjika. Anabwerako ndi uthenga wakuti bambo a Chisangalalo amasuke, amayi sakwiya. Uthengawo Dumisani anaulandira ndi manja awiri. Masana ake, pa kuyeserera komaliza, anavomerezanso zonse zimene apongozi ananena. Mayi Emily anamuyang'anira m'mphepete mwa mpango, n'kupukusa mutu.

Tsiku la mayeso linafika. Woyesa anali mayi wa magalasi, wosaseka, amene anakhala pakona ndi cholembera chofiira. Gulu la Dumisani litalowa, anauza Saida kuti atole kapepala m'bokosi. Saida anawerenga mokweza m'Chingerezi: kodi mtsikana amene wabereka abwerere kusukulu?

Saida anati abwerere, ndipo anapereka zifukwa zake. Pemphani anati abwerere koma ku sukulu ina, kuopa kusekedwa. Dumisani anangoti kakasi, manja ali pakati pa mawondo. Anaona woyesa akumuyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo mumtima anayamba kale kutsanzika.

Pamenepo Mayi Emily anachita chinthu chimene sanachitepo. Anakankhira mpango kumbuyo, natembenuza mpando, namuyang'ana mkamwini wawo m'maso. Chingerezi chawo chinali chothyokathyoka, koma chimamveka.

"Ine ndikuti asabwerere," anatero. "Ndikupatsani chitsanzo cha m'nyumba mwanga. Mwana wanga wamkazi anasiyira Fomu 2, anatenga mimba, anakwatiwa. Ameneyo sukulu yake inatha. Mutu wake tsopano ndi wa mapoto ndi matewera. Mukamuika m'kalasi angogona. Ndiponso sanali wanzeru kwenikweni."

Dumisani anadzutsa mutu.

"Komanso mwamuna wake sangalole," anapitiriza amayiwo, osaphethira. "Amuna ndimawadziwa ine. Amafuna iwo okha aphunzire, mkazi akhale mbuli kuti asamawafunse mafunso."

"No!"

Mawuwo anatuluka okha, mwamphamvu, mpaka Pemphani anadzidzimuka. Dumisani anali atayang'ana apongozi ake maso ndi maso, ndipo sanathenso kubwerera.

"Pepani Amayi, ndikuona mosiyana nanu," anatero m'Chingerezi. "Mwana wanuyo ndi wanzeru kuposa ine. Masamu amene ndimakhoza m'kalasi muno amandiphunzitsa ndi iyeyo, mwana ali kumbuyo. Mabuku anga amawerenga ine ndili ku ntchito. Kubereka sikuchotsa nzeru m'mutu mwa munthu."

"Nanga mwana alera ndani?" anafunsa Mayi Emily.

"Mwana ndi wa anthu awiri. Ndiponso ali ndi agogo ake."

"Agogo ake ali pasukulu."

"Ndiye mwadzitsutsa nokha, Amayi! Inu munabereka, ndipo mwabwerera. Chimene chili chabwino kwa inu chikhale choipa kwa mwana wanu?"

Saida analowererapo, Pemphani naye anaponyapo yake, nkhani inagundika. Mayi Emily sanagonje msanga. Amati akaponya mfundo, Dumisani n'kuibweza, iwo n'kuponyanso ina yoposa. Cholembera chofiira chija chimangothamanga papepala.

"Zonsezi ndi zokamba chabe," anatero amayiwo potsiriza. "Mwamuna wake sangalole."

"Mwamuna wake ndine!" anatero Dumisani, akudziguguda pachifuwa. "Ndipo ndikunena pano kuti sukulu zikamatsegulira, Patience akubwerera m'kalasi."

Woyesa anavula magalasi. Anayang'ana Dumisani, n'kuyang'ana amayiwo, kenaka anati nthawi yakwana.

Atatuluka panja mpamene Dumisani anazindikira chimene wachita. Anakakhala kuseri kwa kalasi yekha, atagwira mutu. Anali atawakwezera mawu apongozi ake, atawayang'ana m'maso, atawauza kuti adzitsutsa okha, ndipo zonsezi pamaso pa mlendo ndi ana. Manyazi anamugwira, mantha nawo osaneneka.

Magulu onse atatha, aphunzitsi a Ephraim anamupeza komweko, akumwetulira mpaka m'makutu.

"Dzuka, iwe! Gulu lanu lonse lakhoza, ndipo iwe ndiye watsogola. Woyesa uja akuti sanaonepo ophunzira okonzekera chonchi, mpaka kupeka zoti ndinu pachibale."

"Ndakhoza, sala?"

"Fomu 4, mphwanga. Ukawauze abwana ako kuti masana aja ndi akobe."

Dumisani anapuma mpweya wautali, umene unakhala ngati anausunga mwezi wathunthu. Misozi inalengeza, iye n'kunamizira fumbi. Koma chimwemwecho chinali ndi fupa m'kati. "Nanga amayi ali kuti?"

"Akwera kabaza kalekale. Sanatsanzike munthu."

Mtima unagwanso. Ulendo wa kunyumba anauyenda wapansi, pang'onopang'ono, akukonza mawu opepesera oti akatume Patience. Anaganiza zogula nkhuku. Anaganizanso zoitana ankhoswe, kuti mwina nkhaniyi yakula kuposa nkhuku.

Atakhota pa ngodya ya nyumba yake anamva kuseka. Pakhonde panali Patience, ndipo pambali pake, pamkeka, panali Mayi Emily atanyamula mdzukulu wawo. Dumisani anabwerera m'mbuyo msanga, n'kunjuta patali pafupi ndi mpanda, maso kumbali. Amayiwo nawo anakokera mpango kumaso monga mwa masiku onse.

"Patience," anatero Dumisani ndi mawu otsika, "uwauze amayi kuti ndalakwa. Pakamwa panandithawa."

Patience sanathe n'kuyankha komwe chifukwa cha kuseka.

"Patience," anatero Mayi Emily, akuyang'ana kumsewu, "uwauze bambo a Chisangalalo kuti palibe mlandu. Ndinaona kuti munthuyu pa yunifolomu sangandiyankhe, pa chilichonse sangandiyankhe. Kapepala kaja katangowerengedwa ndinati, apa pokha ndamupeza, ndimuponde pachilonda. Ndikanapanda kukunyoza iwe, bwenzi pano tikulira tonse."

"Ndiye munati sindinali wanzeru kwenikweni?" anafunsa Patience, akupukuta misozi.

"Bodza la pa mayeso Mulungu amakhululuka. Unali woyamba m'kalasi mwanu, ndani sadziwa?"

Dumisani anamva thupi lonse likupepuka. Anaseka chamumtima, akuyang'anabe mpanda. "Uwauze amayi kuti zikomo kwambiri. Andiwombola."

"Uwauze kuti asathokoze msanga," anatero amayiwo. Mawu awo anali atasintha, nthabwala itachokamo. "Ine ndinanama, koma iwowo sananame. Zimene ananena zija anazinena pamaso pa mboni zitatu, wina wa magalasi. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane."

Patience analeka kuseka. "Ananena chiyani?"

Mayi ake anali asanamuuze mbali imeneyo. Anangoti, "Afunse wekha, ndi amuna ako."

Patience anatembenukira kwa mwamuna wake. Dumisani anali asanaziganizepo bwinobwino, zoti mwana azitsala ndi yani, zoti masana pakhomo pazikhala potseka. Koma anapeza kuti mawu aja sakufuna kuwabweza.

"Ndinati sukulu zikamatsegulira ukubwerera m'kalasi," anatero. "Lolemba tipitire limodzi kwa ahedi, tikakulembetse ya m'mawa ngati malo alipo. Akakana, ya masana yomweyi."

Patience anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Kenaka anadzuka n'kulowa m'nyumba mofulumira, kuti asalire pamaso pa mayi ake.

Pakhonde panatsala apongozi, kumpanda mkamwini, wowatumira mawu palibe. Mayi Emily anamukweza mdzukulu wawo m'mwamba n'kumuyang'ana kumaso.

"Chisangalalo," anatero, "uwauze bambo ako kuti m'mawa uzikhala ndi ine ku msika."