Wachitatu Pamzere

Ku myuziyamu onse ankangomuti Makiyi, poti anali mlonda wa pakhomo ndipo makiyi a m'chiuno mwake ankafika iye asanafike. Mkazi wake anali atamuchokera. Ankakhala kwa mlongo wake wogulitsa matayala, ndipo pochoka ananena kuti watopa ndi mwamuna amene ngakhale agalu a mumsewu samudziwa.

Ndiye kunabwera chionetsero chokumbukira katswiri wandevu uja amene anazungulira dziko lapansi pa sitima ya pamadzi, kutola mbalame ndi zigoba, mpaka n'kunena kuti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono, ndipo munthu ndi nyani ndi pachibale. Akuluakulu anaitana mmisiri woumba ziboliboli. Mmisiriyo atangomuona Makiyi anaima, n'kumuzungulira ngati wogula mbuzi.

"Achimwene, nkhope yanuyi njosowa. Mungandibwereke?"

Makiyi anagona chagada patebulo la m'chipinda chosungira katundu, timapaipi m'mphuno, kumaso konse pulasitala, mtima uli phee. Sanafunse kuti nkhopeyo ikakhala pathupi la yani. Munthu akangouzidwa kuti ngosowa, mafunso onse amathawa.

Loweruka analunjika kogulitsa matayala kuja.

"Alamu, tsiku lotsegulira mubwere nawo alongo anuwo. Adzaone mwamuna wawo ataima m'galasi, pafupi ndi katswiri."

"M'galasi? Mwafa liti, alamu?" anafunsa mlamuyo akupopa tayala. "Paja kumeneko mumasunga zakufa."

Koma mkaziyo anamva ali kuseri kwa mulu wa matayala. Anatulukira akupukuta manja.

"Ndibwera. Zikakhala zoona, tidzakambirana zobwerera kunyumba."

Tsikulo Makiyi anasita yunifolomu mpaka mizere ya buluku inkatha kucheka chala. Mkulu wa myuziyamu analankhula mpaka alendo anayamba kusinthanitsa miyendo, kenako anadula riboni, nsalu yophimba galasi n'kugwa.

Unali mzere wa ziboliboli, kuonetsa ulendo wa munthu. Woyamba ankayendera miyendo inayi. Womaliza anaima njo, chifuwa kutsogolo, ndipo nkhope yake inali ya mkulu wa myuziyamu yemweyo, kungoti mmisiri anamuchitira ulemu pomuchotsera mafuta a m'khosi. Wachitatu anali waubweya thupi lonse, msana wopindika, manja ofika m'mawondo, atagwira mwala. Nkhope inali ya Makiyi, ndi chipsera cha pachikope chomwe.

Anthu anayang'ana chiboliboli, n'kuyang'ana mlonda, n'kubwereranso ku chiboliboli. Mayi wina wachipewa anabisa pakamwa ndi chikwama. Mlamu uja sanabise kanthu.

"Alamu, koma mwayesetsa! Awiri mwawapitirira. Mukalimbikira, penshoni isanakwane muwongoka."

Chiseko chinayenda m'holo monse. Makiyi anamva makutu akutentha. Anafunafuna mkazi wake ndi maso, akuyembekeza kuti nayenso ali gada ndi phwete. Ayi ndithu. Mkaziyo anali atauma kumaso. Anadutsa pakati pa alendo, n'kumugwira dzanja pamaso pa onse, chinthu chimene sanachitepo ngakhale ali pachibwenzi.

"Bambo, tiyeni tizipita kwathu. Asiyireni makiyi awowo. Awa si anthu."

Kwathu. Anatero ndithu, kwathu. Makiyi anagwira lamba, chala chili kale pa ngowe ya makiyi.

"Makiyi!" Anali mkulu uja, ali ndi ojambula a nyuzipepala kumbuyo kwake. "Tabwera, uime pafupi ndi mbale wakoyu, akujambuleni. Fulumira, alendo akudikira."

Miyendo imene yazolowera kuitanidwa sifunsa mwini wake. Dzanja linapulumuka m'dzanja la mkazi, ndipo Makiyi anangozindukira ali pagalasi, chipewa chili m'manja.

"Werama pang'ono, iwe. Eya, choncho. Tsitsa manja."

"Chabwino, bwana."

Anawerama. Anamwetulira komwe, poti ojambula anapempha mano. Magetsi a makamera atasiya kuthwanima, anaona mkazi wake akadali pamalo pomwe paja, akuyang'ana awiriwo, wa m'galasi ndi wa kunja.

"Ndimati mmisiriyu wakunamizirani," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Ndamulakwira."

Anatembenuka n'kukoka mlongo wake pamkono. Awiriwo analunjika kotulukira. Pakhomo panalibe wowatsegulira, ndiye mayiyo anakankha yekha chitseko.