Mlatho wa pa Mkasi

"Lemba kuti anamanga mlatho," anatero a Flywell, akugogoda pepala ndi chala.

Misozi sanalembe. Maso ake anali pa kope lachikuto chakuda lomwe linali pakati pa tebulo. Panali patapita masiku anayi chimwalirireni bambo ake, a Isaiah Chikopa, ndipo Loweruka iyeyo ndiye anayenera kuimirira m'tchalitchi ku Govanhill, mumzinda wa Glasgow, kuti awerenge mbiri ya malemu. Mwambowo unali woti udzaulutsidwe pa foni mpaka kumudzi ku Nsanjama, komwe anthu anali atapangana kale zosonkhana pasukulu kuti amvetsere.

A Flywell, ang'ono awo a malemu, anali atafika m'mawa womwewo pa sitima yochokera ku Leeds, ndipo asanavule n'jekete lomwe anali atalanda kale maliro onse. Ena maliro amalira ndi maso, koma iwo amalira ndi malamulo.

Kopelo malemu analilemba kwa zaka makumi awiri, pa tebulo lomwelo m'nyumba yawo ya ku Easterhouse, akaweruka ku ntchito yosamalira okalamba. Munali mbiri ya aphungu onse amene anaimirapo Nsanjama ku Nyumba ya Malamulo. Kadera ka kumapiri kameneka kanakhala nthawi yaitali kopanda mpando wakewake, kakungomatidwa ku madera oyandikana nako ngati chigamba. Katapatsidwa mpando umodzi pakati pa mipando yoposa zana, aliyense wokhalapo ankasenza dera lonse yekha. Malemu sanasiyeko ndi mmodzi yemwe: mphunzitsi amene anatsekeredwa chifukwa chofunsa za mtengo wa feteleza, wamalonda amene pa zaka zisanu anayankhula kamodzi kokha, popempha kuti atseke zenera, ndi ena otero. Phungu wachisanu ndi chimodzi anali iwo eni.

Chimene a Flywell ankafuna sichinali chobisika. Mwana wawo McDonald anali kukonzekera kudzapikisana nawo pa mpando womwewo, ndipo mpamba wake unali dzina la Chikopa basi. Mlatho wa pa mtsinje wa Mkasi unamangidwa malemu atagwa kale pa chisankho, koma achinyamata akumudzi sankadziwa zimenezo, nawonso okalamba anali atayamba kuiwala. A Flywell anati wakufa sanyozedwa, anati chibale n'fupa sichiola, kenako anafunsa ngati ana okulira ku Glasgow amadziwa n'komwe tanthauzo la manyazi.

Mawu omalizawa anamupweteka Misozi. Chichewa chake chinali chopunduka, ankadziwa yekha, ndipo ankaopa kale kukaseketsa anthu pamaliro a bambo ake. Koma kunama pafupi ndi bokosi lawo kunamuopsa kwambiri.

"Bambo aang'ono, tsamba lawo mwaliwerenga?"

"Zolemba za munthu wodwala zimenezo."

Misozi anatsegula kopelo n'kuwerenga pang'onopang'ono, akupunthwa pa mawu ena. "Isaiah Chikopa. Analonjeza mlatho wa pa Mkasi. Nthawi yokamba za chuma itakwana, akuluakulu a chipani anamuuza kuti akhale chete, pakuti dera la mpando umodzi siligwetsa boma. Anakhaladi chete. Mvula ya chaka chachitatu inakokolola ana awiri akuchokera kusukulu, Felix ndi Esther Malunga. Mlathowo anaumenyera ndi mayi amene anamulowa m'malo."

A Flywell anatambasula dzanja n'kugwira tsambalo pakona. Misozi anakanikiza kopelo ndi manja onse awiri. Pepala linayamba kung'ambika.

"Alamu, siyani."

Anali a Ketrina, amayi ake a Misozi, ataima pakhomo la kuchipinda. Chichitikireni malirowo anali asanayankhule mawu okwana khumi. A Flywell anasiya tsambalo, koma pakamwa sanatseke. Anawakumbutsa alamu awo kuti kumudzi abale a ana aja alipo, kuti kutchula zimenezi n'kutokosa bala lomwe linapola, ndiponso kuti McDonald akagwa, banja lonse lidzadziwa amene anamugwetsa.

A Ketrina anakoka mpando n'kukhala. Sanawayang'ane n'komwe.

"Misozi, bambo ako akamapemphera m'mawa, akakutchula iwe ndi mlongo wako Sam, ankatchulanso yani?"

Misozi anaganiza pang'ono. Kuyambira ali wamng'ono ankamva mayina awiri aja tsiku ndi tsiku, iye atavala kale yunifolomu, akudandaula kuti basi imusiya. Ankayesa ndi asuweni ake ena akumudzi, ndipo sanafunsepo.

"Felix ndi Esther," anayankha motsitsa.

"Sanadumphepo tsiku. Ngakhale kuchipatala, mpweya ukuwavuta."

A Flywell anadzuka n'kukaima pazenera, akuyang'ana mvula imene inkagwa pa malo oimikapo magalimoto.

A Ketrina anatenga pepala la mbiri lija, nalanda cholembera m'manja mwa mwana wawo. Anafunafuna mzere wakumapeto, pomwe panalembedwa kuti malemu asiya mkazi ndi ana awiri, Misozi ndi Sam. Pansi pa mayinawo analembapo ena awiri, kenako anamubwezera pepalalo.

"Ukawatchule bwinobwino," anatero. "Amayi awo akamvetsera."